Kazembe Wotoledwa M'bango

Sukulu ndinasiyira Fomu 3. Musafunse za mimba, poti aliyense amayambira pomwepo. Mimba ndinalibe, fizi ndinalibenso. Bambo anali atatuluka pansi pa mgodi ndi chifuwa chodzaza fumbi, kampani n'kuwapatsa tsache kuti azisesa holo ndi bawa ya m'komboni. Tsache siliphunzitsa mwana sekondale. Chinali chaka chotsatana ndi chilala chija tinadya ufa wachikasu, ndipo ntchito yanga inali kukhala pampopi, kudikira madzi ndi kukangana ndi aliyense wondiyang'ana.

Komboni yathu inali kunja kwa Bindura, mizere ya nyumba zofanana, kumbuyo kwake phiri la dothi lotuwa lochokera mumgodi. Ambiri tinali ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Kiliniki tinali nayo imodzi. Kale munali manesi angapo, koma ankachoka mmodzimmodzi, wina ku Botswana, wina ku Joni, wina kumene sanatiuze. Anatsala sisitala mmodzi, mayi wa Chishona wotupa mapazi, amene ankabaya jakisoni, kumanga mabala a amuna a pansi, kukweza ana sikelo, kenaka n'kukolopa yekha.

Anthu ena anzeru ku Harare anakhala pansi n'kupeza chifukwa chimene manesi ankasowera. Sichinali malipiro ayi. Sikunali kusowa kwa mankhwala. Iwo anati vuto n'lakuti atsikana sanamve kuti unamwino ndi uzamba ndi ntchito zokoma. Ndiye anatitumizira mankhwala a vutolo: akazembe.

Nkhaniyi anabwera nayo ndi mtsikana wina wa m'tauni, pa galimoto yoyera ya bungwe lawo. Tinkangowatchula kuti Sisi. Anali obadwa mwatsopano, ophunzira, onunkhira sopo wa m'bokosi, ndipo anawasankha kubwera kwathu chifukwa agogo awo aamuna anachokera ku Dedza. Chichewa chawo chinali bulangeti la zigamba. Anaima pampopi n'kutambasula manja.

"Muri bwanji mese? Ini ndine wa kwanu chaiye!"

Mayi wina amene ankatsuka ndowa anandigunda ndi chigongono. "Kodi akulonjera kapena ayamba kupemphera?"

Sisi anafotokoza. Kazembe aliyense alandira lamba wabuluu wopachika paphewa, wolembedwa mawu agolide. Ntchito yake ndi kuuza atsikana za kukoma kwa unesi, ndiponso kupeza akazembe ena. Enawo apezenso ena. Zimenezi ankazitcha netiweki, n'kulukanitsa zala ngati ukonde.

"Nanga nesi adzakhala ndani?" ndinafunsa ine.

"Icho ndi gawo lachiwiri, mudiwa."

Ndikanatenga ndowa yanga n'kumapita, koma anawonjeza chinthu china. Kazembe amene adzapose anzake onse adzapatsidwa malo ophunzira ntchito yothandiza manesi ku chipatala chachikulu cha m'tauni. Sadzafuna satifiketi ya Fomu 4. Adzakhala ndi chipinda, bedi, ndi nsapato zoyera. Malowo anali amodzi basi.

Ine ndinkagona pansi pa tebulo ndi ang'ono anga awiri, mmodzi wokodza pogona. Sindinamize munthu kuti ndinkalota zopulumutsa odwala. Ndinkafuna bedi limenelo, ndi kuchoka m'komboni mnyamata wina wovala magambutsi asanandikwatire. Lamba ndinali woyamba kuvala.

Ndinagwira ntchito ngati bulu. Ndinalemba atsikana onse a pampopi. Ndinalemba mayi wogulitsa tomato, amene anati lambayo angathandize kuberekera mwana. Ndinakwera basi mpaka ku Wadzanai, ku Shamva, komwe kuli msuweni wanga, ndipo iye analemba kwaya yonse ya tchalitchi chawo. Kwayayo inali ndi abale ku Masembura. Posakhalitsa malamba abuluu ankaoneka m'minda ya chimanga, pa mzere wa kuchigayo, ngakhale pamaliro. Mbuzi ina ya kumzere wa kumunsi inamangidwa ndi lamba wa kazembe, ndipo inkaoneka yolemekezeka kuposa ena a ife.

Loweruka lililonse tinkakumana ku holo. Atsikana oti tiwalalikire anali atatha, onse anali akazembe. Ndiye kazembe ankaimirira n'kuuza akazembe anzake kuti unesi ndi wokoma, iwo n'kuomba m'manja, wina n'kuimirira kunena zomwezo. Tinkaimba nyimbo ya netiweki, Sisi n'kupemphera mpaka mabanzi kuuma. Palibe mmodzi mwa ife amene anali atagwirapo bandeji.

Tsiku lina sisitala wa kukiliniki anabwera pakhomo la holo, akupuma movutikira.

"Ndibwerekeniko awiri okha," anatero. "Anditungire madzi ndi kupinda nsalu. Mwadzaza holo yonse."

Sisi anamwetulira mwachifundo. "Sisitala, kazembe sagwira. Kazembe amalankhula."

Sisitala anatiyang'ana tonse, malamba waliwali, n'kubwerera kukakolopa.

Nthawi yosankha wopambana itafika, Sisi anatsitsa katoni m'galimoto. Munali chidole cha pulasitiki, khanda la maso abuluu lokhala ndi mchombo wa chingwe, ndi mafupa a m'chiuno mwa mzimayi, apulasitikinso. Anati amene akufuna malo aja aime pamaso pa komboni yonse, aonetse mmene mwana amatulukira, kuti anthu aone kuti uzamba ndi sayansi, si manyazi.

Atsikana onse anayang'ana pansi. Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa. Sisi okha ndi amene sankadziwa, ndi Dedza wawo yense.

Kwathu za kubereka ndi za ntchembere, amayi amene anaberekapo. Mtsikana sauzidwa kanthu mpaka ali ndi pakati poyamba, pamene anamkungwi amamutsekera m'nyumba pamwambo wa chisamba n'kumulangiza. M'chikuta, momwe mayi amachirira, mwamuna salowamo, ndipo zimene zachitika m'menemo sauzidwa. Mwamuna kapena mwana akafunsa komwe khanda lachokera, yankho ndi limodzi: tamutola m'bango kumtsinje. Aliyense amadziwa kuti ndi bodza, ndipo aliyense amalilemekeza. Amuna amene ankaphulitsa miyala pansi pa nthaka ankavomera ndi mutu kuti ana awo onse asanu anapezeka m'bango.

Mwini wa mwambo umenewu m'komboni yathu anali azamba athu. Anali agogo aafupi, a dzino limodzi kutsogolo, ophika chikokiyana, mowa wa tsiku limodzi, kuseri kwa nyumba yawo. Ndudu ankasuta motembenuza, moto uli m'kamwa. Theka la komboni linatulukira m'manja mwawo, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Ukawadutsa osawalonjera ankakukuwira kuti, "Iwe, ndinakuona usanavale!"

Amayi atamva kuti ndavomera kugwira chidolecho, anasiya kusita yunifolomu yawo ya Mvano.

"Ukachita zimenezo, nkhope yanga ndikaiika kuti Lachinayi?"

"Muisiye kunyumba, Amayi."

"Pakamwa pakopo. Azamba adzakhalapo. Abambo ako adzakhalapo."

"Nanga bedi adzandipatsa ndi azamba?"

Anatenganso simbi. "Munthu satukwana dzanja limene linamulandira," anatero. Ine ndinaganiza kuti ndi mawu chabe a amayi a Mvano.

Tsikulo holo inadzaza. Ntchembere zinakhala kutsogolo pamphasa, azamba pakati pawo. Amuna otuluka shifiti ya m'mawa anadzaza kumbuyo ndi magambutsi awo, poti anamva kuti kuli mabanzi aulere. Bambo anaima pakona ndi tsache lawo, kudikira kuti anthu atuluke asese.

Ndinakwera pansanja, lamba paphewa. Ndinakweza mafupa aja m'mwamba, n'kutchula chiwalo chilichonse monga Sisi anandiphunzitsira, m'Chichewa chomveka bwino, choti ngakhale wogontha sakanati sanamve. Ndinalowetsa chidole kumwamba kwa mafupawo n'kuyamba kuchikankha. Mutu unakakamira. Ndinakankha, ndinapotoza, thukuta kamukamu, khanda la maso abuluu osasuntha.

"Boola pambali uike dainamaiti!" anakuwa mwamuna wina kumbuyo.

Amuna anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinapsa mtima, ndinapana mafupawo ndi mawondo n'kukoka ndi manja awiri. Chidole chinatuluka kuti phu, mchombo lendelende. Nditakweza maso, ntchembere zonse zinali zitafunda zitenje kumutu. Zinadzuka n'kutuluka pamzere ngati zikuchokera kumanda, Amayi ali pakati. Bambo ankasesa malo amodzimodzi pakona paja, pomwe panalibe chinyalala.

Azamba anatsalira. Anafika pafupi ndi nsanja, n'kutulutsa ndudu m'kamwa.

"Wabereka pulasitiki abambo ako akuona," anatero. "Zikomo, akazembe."

Sisi anandikumbatira akulira. Anati ndadula maunyolo a mdima, haleluya. Ndinapambana. Mpikisano wake panalibe kwenikweni, chifukwa wachiwiri anali mtsikana wa tchalitchi cha Sisi, amene anangoimba nyimbo chidole chili m'katoni. Malo anali anga. Kalasi inkayamba kumayambiriro kwa mwezi wotsatira.

"Ungobweretsa satifiketi yobadwira," anatero Sisi, akutseka chitseko cha galimoto.

Ndinalibe. M'komboni ambiri tinalibe. Kusukulu ndinalowera khadi la ubatizo, ndipo ahedi chaka chilichonse ankati mubweretse chaka chamawa. Ndinathamangira kukiliniki. Sisitala anandimvetsera akutsuka lumo.

"Unabadwira kuno?"

"Kunyumba."

"Ndiye kuno kulibe pepala lako. Upite ku ofesi ya boma m'tauni ndi amayi ako, ndi mboni imene inakuona ukubadwa. Anakulandira ndani?"

Ndinatchula azamba. Sisitala anasiya lumo n'kuyamba kuseka, kuseka kogwira m'mimba, koyamba kumuona akuseka chibwerereni malamba.

Amayi anandiwerengera amene anali m'chikuta tsiku limene ndinabadwa. Mmodzi anamwalira. Wina anabwerera ku Tete. Otsala anali azamba okha. Amayi sananene kuti ndinakuuza. Anagwira nkhuku yathu yoikira mazira, natenga paketi ya shuga, n'kundiuza kuti ndivale chitenje, lamba ndisiye.

Tinakagwada pakhomo pawo, pafupi ndi migolo ya mowa. Amayi anapepesa nthawi yaitali. Ine ndinapepesa mwachidule. Azamba anaikweza nkhuku kuti amve kulemera kwake.

"Yowonda," anatero. "Koma ndipita. Munthu sakana mwana amene anamudula mchombo, ngakhale atakula n'kukhala chitsiru."

Chipongwecho ndinachimeza. Bedi linali litayamba kuonekanso.

Lolemba tinakwera basi ya ku Bindura. Azamba anavala duku latsopano ndi jekete la malemu amuna awo. Titatsika anati sangalankhule ndi boma m'mimba muli mphepo, ndiye Amayi anawagulira tiyi ndi banzi. Kenaka anafuna kuona sitolo ya nsalu. Tinakafika pamzere dzuwa litakwera, ndipo tinalowa mu ofesi litapendeka.

Kuseri kwa tebulo kunali mnyamata wa tayi, ndevu zisanamere bwino. Anaona zitupa za makolo anga, zodindidwa kuti ndi alendo m'dziko limene akhalamo kuyambira ine ndisanabadwe, n'kupukusa mutu, koma sanatibweze. Anafunsa Amayi, iwo n'kuyankha monong'ona, maso ali pansi. Kenaka anatembenukira kwa azamba.

"Mbuya, makaona mwana uyu achizvarwa here?"

Azamba Chishona ankachidziwa bwino, ankatukwanira nacho okana kulipira mowa. Anamva kuti akufunsidwa ngati anandiona ndikubadwa. Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira tayi mpaka kumutu, n'kutembenukira kwa Amayi.

"Muno mulibe mzimayi?"

Mnyamatayo anamva, poti nayenso anakulira pafupi ndi mafamu odzaza anthu akwathu. Anati mayi amene amakhala patebulo limenelo ali patchuthi, anapita kukabereka, abwera pakatha miyezi itatu.

"Mukumumva?" anatero azamba. "Akutchulanso yekha. Dziko latha."

"Mbuya, mungoti inde kapena ayi."

Azamba anakonza duku. "Mwanayu tinamutola m'bango, kumtsinje wa Mazowe."

Mnyamatayo anaseka. "Inenso agogo anga anandiuza choncho. Koma boma sililemba bango. Mawu amodzi okha, Mbuya. Munamuona akubadwa?"

"Za m'chikuta ine sindinena kwa mwamuna. Sindinanenepo kwa malemu amuna anga, ndiyambire pa iwe wa tayi? Afunse akazembe ali apawa. Amadziwa zonse. Ukafuna akuonetsa ndi chidole."

Ndinaimirira. "Agogo, mungoti inde! Nkhuku munadya!"

"Nkhuku inali ya ulendo. Ndabwera kapena sindinabwere?"

"Mukudziwa kuti munandilandira ndinu!"

"Unaliko iwe?"

"Ndinaliko! Wobadwayo ndinali ine!"

"Ndiye dzichitire umboni wekha."

Anthu a pamzere anali atasuzumira pakhomo. Amayi anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Ndinapempha mnyamatayo kuti atuluke pang'ono, azamba anene kwa mayi wosesa mu ofesimo, iye adzamuuze. Anati lamulo likufuna kuti amve yekha ndi makutu ake. Ndinapempha kuti azamba angogwedeza mutu. Azamba anaumitsa khosi ngati mtengo wa magetsi. Mnyamatayo anatibwezera zitupa, n'kuitana wotsatira.

Mpaka lero sindidziwa kuti pamenepo mwambo unali wochuluka bwanji ndipo kubwezera kunali kochuluka bwanji. Ndikuganiza kuti eni akenso sankadziwa, ndipo sizinawasowetse tulo. M'basi pobwerera anagona paphewa langa, akununkha fodya, mpaka pachipata cha mgodi.

Ndinapita kwa Sisi kukapempha kuti andidikire, kapena alankhule ndi akuchipatala. Anandigwira manja onse awiri. Anati malamulo ndi malamulo, koma Mulungu akatseka chitseko amatsegula windo. Ndinawauza kuti kwathu windo ndi lotchinga ndi katoni. Malo anapita kwa woimba uja. Iye anabadwira m'chipatala, pepala ali nalo. Ndinamva kuti tsiku loyamba kuona magazi anakomoka, koma bedi analigonera.

Ine Sisi anandibweretsera pepala lolimba la m'mphepete mwagolide, lonena kuti ndine Kazembe Wamkulu wa chigawo chonse. Limenelo sanafunse kuti ndinabadwa kapena ayi. Netiweki inapitiriza kukula mpaka tsiku limene galimoto yoyera inaleka kubwera. Gawo lachiwiri sitinalione. Sisitala wa kukiliniki anapirira chaka china, kenaka nayenso anapita ku Botswana, akazembe mazanamazana n'kumutsazika ndi nyimbo ya netiweki.

Mayi wa ku ofesi uja atabwerako kutchuthi, azamba anabwera okha kudzagogoda kwathu, jekete atavala kale. Ndinati zilibenso ntchito. Anati iwo sasiya ntchito ya theka. Tinapita. Atangoona kuti patebulo pali ntchembere inzawo, anatseka chitseko, n'kundiuza kuti nditseke makutu. Sindinatseke. Anafotokoza zonse, ngakhale zimene sanafunsidwe: kuti kunkagwa mvula, kuti ndinatsogoza miyendo, kuti ndinawavutitsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi kuti ndinatuluka ndikukalipa. Mayiyo analemba akuseka. Satifiketi ndinalandira kalasi ili pakati. Ili m'sutikesi ya Amayi pamodzi ndi pepala lagolide lija, ndipo ine ndikugonabe pansi pa tebulo.

Chidole Sisi anachiiwala ku holo. Bambo anachipeza posesa, ndipo posowa kochitaya popanda kuonedwa, anakachisiya pakhomo pa azamba. Adzukulu a azambawo amachibereka kumbuyo ndi lamba wabuluu. Ana a m'komboni akafunsa kuti mwana wa maso abuluuyo anachokera kuti, azamba satchula bango. Amatulutsa ndudu m'kamwa n'kuloza kwathu.

"Ameneyo anabereka ndi akazembe, ku holo, abambo awo akuona."